Mphini pa Dzanja la Namwino

Anabwera nawo pa kabaza kuchokera ku Chikanda,
mvula ya kuphiri ikugogoda malata a wodi,
phazi litakulungidwa m'chitenje chakale,
fungo litatsogola kale pakhomo.
Pa kadi ndinalemba: Che Mkwapatira, shuga, bala losapola.
Sindinalembe kuti ndimawadziwa.

Ndi aja amayala chiguduli pansi pa mango ku Mpondabwino,
makungwa a muwawani, timitolo ta mizu,
mabotolo a mafuta ophikira odzaza madzi ofiira.
Ndili ndi zaka zisanu, amayi anandiberekera kumeneko.
Mphini zitatu za lezala lawo zidakalipo,
pansi pa wotchi imene ndimawerengera mitima ya anthu.

"Mwachedwa," ndinatero ndikutsuka bala.
"Zala ziwirizi zapita."
Anayang'ana kudenga.
"Ndinathira zonse zimene ndimadziwa. Phazi linakana kundimvera."

Ndikanatha kuwakalipira, mawu ndinali nawo.
Sindinaiwale kamnyamata ka ku Jali
kamene kanagona masiku anayi pa mphasa ya munthu ngati iwo,
malungo akukwera kumutu.
Jekeseni wa Lolemba akanakadzutsa.
Kanafika Lachisanu, maso atatembenuka.
Galasi la ku labu limaona kachilombo kamene maula saona,
pamenepo sindikayika,
ndipo sindidzakayika.

Koma usiku wachitatu, magetsi atazima,
jenereta ikutsokomola kuseri kwa khitchini,
ndikugawa mapiritsi ndi tochi ya foni,
anandigwira mkono, chala chawo pa mphini zija.
"Ntchito yanga iyi. Ndinu mwana wa Abiti Sumani.
Nanga mukuonderanji? Tulo mumapeza?
Kunyumba mwayambana ndi ndani?"

Zaka khumi ndi chimodzi m'yunifomu yoyera,
palibe anandifunsapo zotere,
inenso sindifunsa.
Odwala makumi asanu, namwino mmodzi:
dzina, kutentha kwa thupi, kuthamanga kwa magazi, wotsatira.
Mankhwala akatha ndimalemba kapepala,
kaguleni m'tauni,
ndikudziwa kuti pa mfundo ya chitenje cha wodikirira
patsala ya kabaza yokha.
Iwo amakhala ola lathunthu ndi munthu mmodzi,
kumva za ngongole, za malire a munda, za maloto,
malipiro ake nkhuku, kapena "mudzandiona mukakolola."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi, ngakhale n'zoletsedwa.
Ndinawauza za bambo wa ana anga
amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni.
Sanatulutse muzu uliwonse.
Anangomvetsera
mpaka mzikiti unaitana m'bandakucha.

Kutacha adokotala anadula zala zija. Phazi linatsala.

Tsiku lotuluka ndinawaikira kabotolo m'manja.
"Awiri patsiku. Osasakaniza ndi muwawani."
"Nanga akandibweretsera mwana wotentha thupi?"
"Mutumizeni kuno tsiku lomwelo, dzuwa lisanapendeke."
Anavomera ndi mutu, akuyesa ndodo pa simenti.
"Nanga amene mwamuyeza osapeza kanthu,
koma sagona, sadya,
mumamutumiza kwa yani?"
Ndinakonza pilo amene anali wokonza kale.
Buku lathu lilibe tsamba limenelo.

Loweruka lapitali ndinapita kukagula matemba a ku Chilwa.
Chiguduli chayalidwanso, mizu ili pomwe paja,
pambali pake kabotolo kathu koyera, katafika theka.
Ndinawerenga otsala ndi maso. Akumwa.
Anandikodola, nandikulungira masamba a mpungabwi m'nyuzipepala.
"Za kachimfine kanuko. Tulo nanga?"
"Pang'onopang'ono," ndinatero. "Vulani nsapato, ndione bala."
Anavula, msika wonse ukuyang'ana.

Masamba aja ali pa shelefu, pafupi ndi panado.
Sindinawaphike.
Sindinawatayenso.